Ndinapita ku phwando ndi mbale yopanda kanthu

Abale anzanga a mumsika, lero ndisekeni mmene mungathere, ndalola. Koma a manachesi khalani pafupi, nkhaniyi ikukhudzani.

Mwezi watha ndikudikira minibasi pa Zalewa, galimoto ina inaphulika tayala chakufupi ndi mlatho wa Shire. Munali mzungu ndi mkazi wake, ati kwawo ndi ku Perth, ku Australia. Anyamata anali atayamba kale kuwatchulira mtengo wachizungu, ine nʼkulowererapo. Pothokoza, mayiwo anandiitanira chakudya chamadzulo Loweruka kunyumba kwawo ku Namiwawa. Potsazikana anati ndisaiwale kubwera ndi mbale.

Inetu chisoni chinandigwira. Galimoto yonseyo, mbale zawathera? Ndinakabwereka ya maluwa kwa achemwali ku Ndirande, nʼkuikwecha bwinobwino.

Kufika pageti, ndinaona alendo anzanga akutsika ndi mbale zovundikira, nthunzi ili tolo. Yanga ili mbee! Kani kwawoko akati bwera ndi mbale, akutanthauza kuti uphike kanthu kodzadyera limodzi. Chakumwanso aliyense amanyamula chake. Mayiwo anaseka mpaka misozi, kenaka nʼkupepesa kuti sine woyamba, alendo ambiri ku Australia imawagwa mbuna yomweyi.

Anandiwombola ndi amayi anga. Mʼchikwama munali manachesi omwe anandipatsira kumudzi ku Neno, achemwali atangotapako pangʼono. Ndinawakhuthulira mʼmbale ya maluwa ija ngati ndinakonzekera.

Zodabwitsa zinalipo. Bambo a panyumbapo ndi amene amaotcha nyama panja, mayi ali phee pampando ndi tambula. Munthu wa msinkhu wa bambo anga ankaumirira kuti ndimutchule dzina. Lilime linakana, ndinangokhalira “bambo, bambo” usiku wonse. Nditati kwathu timadya mbewa anachita tsinya, koma iwo eni anavomera kuti kangaroo amamudya. Tinagwirizana kuti palibe woseka mnzake. Ndinaphunziranso kuti bulugamu timamangira nyumbayu, ndi makademiya a ku Thyolo, kwawo nʼku Australia.

Bamboyo ndi katswiri wa miyala. Musadabwe, anthu amenewa migodi yathu akuidziwa kuposa ife. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga inautsegula ndi kampani ya kwawo, Paladin, mu 2009, nʼkuuimitsa mu 2014 mtengo wa uranium utagwa. Paphiri la Kangankunde ku Balaka, pakhomo pathu penipeni, panalowanso ina ya kwawo, Lindian. Ndinamufunsa kuti miyala ikapita, ife timatsala ndi chiyani. Anati funso limenelo ndikafunse amene amasaina mapangano. Yankho lozemba, komatu silabodza.

Koma nkhani inakula ndi ya manachesi. Mbale yanga ndiyo inayamba kutha, nyama ikadalipo. Mayiwo anatulutsa mufiriji chipatso chomwe amagula mʼsitolo yaikulu mʼtauni, chomatidwa kapepala ka ku South Africa. Atanditchulira mtengo wa chimodzi, ndinapeza kuti pa Zalewa ndalama imeneyo ndi mulu wonse, nʼkuikirapo basera.

Anandifunsa kuti nanga a ku Neno bwanji sapezeka mʼsitolomo. Ndinafotokoza mmene ndinathera. Manachesi athu amapsa nthawi imodzi, miyezi yozizira, ndiye msika umasefukira. Mlimi alibe posungira, ogula akafika ndi lole amatchula okha mtengo, ukakana zimakuwolera pansi pa mtengo. Neno inapatuka ku Mwanza nʼkukhala boma palokha mu 2003, koma ine ndakula ndikukankha galimoto mʼmatope popita ku boma. Sitima ya malasha yochokera ku Moatize imadutsa mʼboma lathu lomweli ili pa ulendo wa ku Nacala, pomwe nachesi amatsika mapiri panjinga. Sitolo nayo imafuna zipatso zosankhidwa, zofanana kukula, zofika tsiku lomwe mwapangana. Apa tisanamizane, ife timakonda kubisa zazingʼono pansi pa dengu.

Pamapeto pake mayiwo ndi anzawo awiri anapempha dengu limodzi Loweruka lililonse mpaka nyengo itatha. Mʼmawa mwake ndinaimbira amayi. Sanafunse za azunguwo, sanafunse zomwe ndinadya. Anangoti, “Mtengo usatchule ndiwe, umachita manyazi. Ndibwera ndekha.”

Mbale ya achemwali ndinabweza muli nyama yootcha. Ati Loweruka likudzali ndikabwerekenso, koma nditenge yaikulu.