Khirisimasi ya Mlimi Ichokere M'munda ndi M'manja Mwake

Palibe mwezi umene umayesa nzeru za mlimi monga Disembala. Chimanga chamera, udzu nawo ukuthamangira kumwamba, feteleza wa yuriya akufunika, ndipo nkhokwe yayamba kuonetsa pansi. Kutsogolo kuli Januwale. Ngakhale maphunziro m'sukulu za boma ali aulere kuyambira mu 2022, yunifolomu, nsapato ndi makope sizigwa ndi mvula. Pakati pa zonsezi pali Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, masiku amene kholo lililonse limafuna kuti mwana wake adye chonona ndi kulandira kamphatso. Chikhumbo chimenechi n'chabwino, ndipo palibe woyenera kuchinyoza. Choipa ndi njira imene ambiri timachikwaniritsira. Wina amagulitsa thumba la feteleza, wina amatapa chimanga cha m'nkhokwe, wina amathamangira kaloba, kuti agule mabisiketi, zakumwa za m'mabotolo ndi timikanda tapulasitiki timene timaduka chaka chisanathe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Maganizo anga ndi akuti mlimi wophunzira sayenera kugula chisangalalo chimene munda wake ndi manja ake zingathe kupanga. Zokoma za pa chikondwerero ndi zodzikongoletsera zopanga pamanja ndi gawo la ulimi, monga momwe kusunga mbewu ndi kukonza manyowa kulili gawo la ulimi. Tiyenera kuziphunzira ndi mtima womwewo, ndi kuyamba tsopano mvula isanagwe.

Taonani ulendo wa nsawa zathu. M'miyezi yokolola timazipereka kwa ogula oyendayenda a masikelo pa mtengo umene iwo atchula. Mu Disembala zimabwerera kwa ife zili m'botolo kapena m'kapepala konyezimira, mtengo utakwera kangapo. Chimene chawonjezeka n'chiyani? Kusankha, kukazinga, kupera ndi kukulunga basi. Bungwe la COMACO limagula nsawa kwa alimi a Chigawo cha Kum'mawa n'kupanga chiponde chotchedwa It's Wild!, chimene chimapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Lusaka. Phunziro lake n'loonekeratu: phindu lalikulu la mbewu limabisala m'ntchito imene imachitika mbewuyo itachoka m'munda. Ife tilibe makina ngati awo, koma tili ndi mtondo, chiwaya ndi mbaula, ndipo pa zosowa za banja limodzi zimenezi n'zokwanira.

Maswiti a nsawa safuna luso la kutali. Sungunulani kapu imodzi ya shuga pa moto wofatsa mpaka afiire ngati uchi, thiranimo makapu awiri a nsawa zokazinga zochotsa makoko, takasani msanga, tsanulirani m'mbale yopaka mafuta, ndipo dulani zisanaume. Zisungeni m'chitini chotseka bwino, chifukwa chinyontho cha dzinja chimazichititsa kunanda. Nsawa zazikulu ngati Chalimbana zimaoneka bwino m'maswiti otere, pamene za mafuta ambiri ngati MGV 4 zimapereka chiponde chosalala. Chikondamoyo cha ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa, soda ndi kamchere, chowotcha mumphika makala ali pansi ndi pamwamba, chimakhutitsa mwana kuposa paketi ya mabisiketi. Mango amene amawolera pansi pa mitengo mu Disembala angasanduke jamu: kilo imodzi ya mango osenda, shuga wosapitirira kilo imodzi, madzi a mandimu, kuphika mpaka zilimbe, ndi kuthira zili zotentha m'mabotolo amene awiritsidwa kwa mphindi 10. Thobwa la chimera cha mawere kapena mapira limakwanira alendo onse ndi anansi omwe, pa mtengo wosafika wa kireti imodzi ya zakumwa. Onjezanipo nkhuku ya pakhomo ndi mpunga wa ku Chama, ndipo mundiuze ngati pali chimene chasowa pa mphasa imeneyo.

Koma chakudya chopanga tokha chimatipatsanso udindo umene sitingaukankhire kwa wina. Mdani wamkulu wa nsawa ndi chuku. Poizoni wake, amene akatswiri amamutcha aflatoxin, amawononga chiwindi ndipo amathandiza kupinimbiritsa ana. Satha ndi kukazinga kapena kuphika. Chitetezo chake ndi kusankha: tayani zofota, zosweka, zakuda ndi zonunkha nkhungu, ndipo musaziike pambali kuti mudzasinjire nsinjiro, monga ambiri amachitira. Musawaze madzi pa nsawa kuti zifewe potongola, ndipo zisungeni m'makoko ake pamalo ouma mpaka tsiku lozifuna. Okonda munkoyo atenge mizu kwa munthu woidziwa bwino, pakuti kutchire kuli mizu ina yofanana nayo imene imapha. Uchi usaperekedwe kwa khanda losakwana chaka. Wogulitsa chakudya asambe m'manja, avindikire malonda ake, ndipo asakazingire zitumbuwa m'mafuta amene ada kale. Mbiri ya wophika imamangidwa zaka zambiri, koma mimba imodzi yotsegula imaigwetsa tsiku limodzi.

Mphatso nayo ingachokere pakhomo. Ena amaganiza kuti mikanda, ndolo ndi zibangili ndi zinthu za m'tauni, zobwera ndi masitolo. Mbiri ikutsutsa. Pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anthu okumba maziko a thanki ya madzi mu 1960 anapeza manda akale. M'mandamo munali mikanda ya golide ndi ya galasi, zibangili za waya wa mkuwa ndi mitanda ya mkuwa. Anthu a dziko lino ankakoka waya ndi kutunga mikanda zaka mazana angapo zapitazo. Kwathu kuno mikanda ili ndi malo ake pa chinamwali ndi m'banja, ndipo aliyense amene anafikako ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, anaona mmene imawalira m'khosi ndi m'mutu mwa ovina. Lusoli ndi lathu. Chimene chatichokera ndi chizolowezi cholilemekeza.

Zipangizo zake zatizungulira. Njere za malambe, titadya ufa wake, timazitaya. Chipatso cha mgwalangwa chili ndi mtima wolimba woyera umene ukapalidwa umaoneka ngati mnyanga. Nyanga ndi mafupa a ng'ombe, tizidutswa ta nsungwi ndi ta chipanda, dongo loumba timipira n'kuwotcha, nthenga za nkhanga zoweta, zidule za chitenje zotsala kwa telala: zonsezi zingasanduke mkanda kapena ndolo. Ku Mfuwe, pafupi ndi paki ya South Luangwa, kampani ya Mulberry Mongoose imapanga zodzikongoletsera ndi waya wa misampha umene oteteza nyama amatola m'tchire, ndipo alendo ochokera kunja amazigula. Ngati waya wopha nyama ungasanduke chinthu chovala pa ukwati, nanga nyanga ya ng'ombe yanu ilekerenji?

Chimene chimasiyanitsa ntchito yogulika ndi yongoseweretsa ndi kumaliza. Njere ziwiritsidwe ndi kuumitsidwa bwinobwino kuti zisafumbwe. Mabowo akhale olingana. Ulusi ukhale wolimba, monga wa nayiloni wowedzera nsomba, ndipo mfundo ibisike. Kupukuta ndi phula la njuchi kumawalitsa njere ndi nyanga popanda vanishi. Mkanda umodzi womalizidwa bwino umaposa khumi otungidwa mothamanga.

Panonso pali malire. Kanjere kofiira kwambiri kokhala ndi kadontho kakuda, kamene kamamera pa chilambe cha kutchire, n'kokongola zedi, koma kali ndi poizoni woopsa amene amatuluka kakabooledwa kapena kutafunidwa. Nsatsi nazo zimapha mwana akazitafuna. Zimenezi zisalowe mumkanda uliwonse. Mwana wakhanda asavekedwe mikanda ing'onoing'ono imene angameze. Minyanga ya njovu, mano, zikhadabo ndi zikopa za nyama zakutchire musazikhudze n'komwe: lamulo la Zambia Wildlife Act la mu 2015 limaletsa kukhala nazo popanda chilolezo, ndipo chilango chake n'chowawa. Waya wa mkuwa ugulidwe poyera, osati kwa munthu amene sangafotokoze kumene wautenga.

Ndikudziwa zimene ena anganene, ndipo sizopanda pake. Choyamba ndi nthawi. Disembala ndi mwezi wa khasu, ndipo chimanga chimene chapikisana ndi udzu m'milungu yake yoyambirira sichibwezanso mphamvu imene chataya. Zimenezi n'zoona, ndipo ndikanakhala wopusa kuuza mlimi kuti asiye kupalira akatunge mikanda. Yankho lake ndi kalendala. Zodzikongoletsera siziwola. Zipangidwe mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, masana dzuwa likaswa mtengo ndipo munthu wakhala pamthunzi. Nsawa zisankhidwe nthawi yomweyo. Zotsalira Disembala ndi kuphika kwa madzulo awiri kapena atatu.

Chachiwiri, amati ana a masiku ano safuna zakumudzi. Koma mwana amaphunzira kunyoza kuchokera kwa akulu. Tikamapereka chikondamoyo mopepesa, ngati chinthu chodyera kusowa, mwana amamva kuti n'chaumphawi. Chikadulidwa bwino, n'kuikidwa m'mbale yoyera, mwana yemweyo atathandiza kusenda nthochi, amachidya monyadira. Sindikunena kuti botolo la chakumwa chozizira ndi tchimo. Wokhala ndi ndalama yotsala agule. Ndikukana kuti ligulidwe ndi feteleza wa munda umene udzadyetse mwanayo chaka chamawa.

Chachitatu ndi msika. Mudzi wonse ukayamba kugulitsa zitumbuwa tsiku limodzi, wogula adzakhala ndani? Ichi n'chifukwa chake ndikuti phindu loyamba la ntchito imeneyi ndi ndalama imene sinatuluke m'nyumba. Kugulitsa kumabwera pambuyo, ndipo kumafuna pensulo. Lembani ufa, shuga, mafuta, makala, ulusi, tingowe ta ndolo ndi ndalama ya ulendo. Nsawa za m'munda mwanu musaziyese zaulere: ziwerengereni mtengo umene mukanazigulitsa. Tsiku lanu la ntchito lipatseni mtengo wosachepera wa tsiku la ganyu. Zikapanda kutsala, phikirani banja lanu lokha, ndipo simunataye kanthu. Zikatsala, ogula alipo: abale ochokera ku Lusaka ndi ku Copperbelt amene amabwera kudzadya Khirisimasi ndipo amafuna chonyamula pobwerera, maukwati, misonkhano ya amayi a mpingo, zionetsero za ulimi, ndi apaulendo a mu msewu wa Great East. Magulu a banki ya m'mudzi ndi chilimba angagawane ntchito, uyu jamu, uyu chiponde, uyu mikanda, n'kugula shuga ndi mabotolo pamodzi.

Pali nkhani ina imene sitiyenera kuilambalala. M'mabanja ambiri, ntchito zonsezi zidzagwera mayi, amene ali kale ndi khasu, mtsuko ndi mwana kumsana. Ngati bambo adzangobwera kudzalandira ndalama ya jamu n'kupita nayo ku mowa, ndiye kuti tangowonjezera katundu pa mutu wotopa kale. Kucheka nyanga, kuboola njere, kuthyola mango, kusaka nkhuni ndi kutongola nsawa sizifuna kuti munthu akhale wamkazi. Ndalama yotuluka m'ntchito ya awiri ikambidwe ndi awiri, ndipo mtsikana kapena mnyamata amene watunga mkanda aone gawo lake likusanduka nsapato za ku sukulu. Mwana amene waona manja ake akubala ndalama sathamangira kutauni opanda cholinga.

Kwa aphunzitsi athu, pempho langa ndi lakuti kukonza zokolola ndi ntchito zamanja zipatsidwe malo enieni pa ndandanda ya maphunziro, osati kadzuwa kamodzi kotsalira. Kwa inu amene munamaliza kale maphunziro ndipo muli m'midzi yanu, anansi amayang'ana kwa inu. Anaona mizere yanu yowongoka ndi manyowa anu, ena n'kutengera. Aonenso Khirisimasi yanu. Patulani debe la nsawa zosankha sabata ino, sonkhanitsani mabotolo, uzani ana asunge njere za malambe.

Chikondwerero chimene timakumbukira chinayambira m'khola la ziweto, pakati pa abusa, ndipo sichinafune ngongole kuti chikhale chachimwemwe. Muyeso wa Khirisimasi yabwino ya mlimi suoneka pa 25 Disembala. Umaoneka m'sabata yoyamba ya Januwale, pamene yuriya ali m'munda, chimanga chikadali m'nkhokwe, mwana wanyamula makope ake, ndipo palibe mwini kaloba amene waima pakhomo.