Kodi sitima ya mumzinda ingatheke ku Lilongwe?

LILONGWE: Kuthithikana kwa galimoto pakati pa Old Town ndi City Centre m'mawa ndi madzulo kukudzutsa funso lakuti kodi nthawi yakwana yoti likulu la dziko lino likhale ndi sitima yapamtunda yonyamula anthu mkati mwa mzinda. Funsoli n'lomveka, popeza kalembera wa 2018 adapeza kuti mzindawu unali ndi anthu 989,318.

Choyamba kuchiunika ndi mamangidwe a mzinda. Lilongwe, yomwe idakhala likulu mu 1975, idamangidwa motayana. Sitima imapindula pomwe anthu ambiri amakhala pafupi ndi siteshoni, koma ku Area 10, 12 ndi 43 nyumba n'zotalikirana ndipo eni ake ambiri ali ndi galimoto. Okwera enieni ali ku Area 25, Kawale, Area 23 ndi Chinsapo, komwe anthu amadalira minibasi ndi kabaza ndipo sangakwanitse mtengo wokwera kwambiri.

Chachiwiri ndi ndalama. Sitima ya magetsi ya ku Addis Ababa, yomwe idatsegulidwa mu 2015, idadya madola 475 miliyoni a ku America, ndipo gawo lalikulu linali ngongole yochokera ku China. Patapita zaka zochepa, sitima zambiri zidaima kaamba kosowa zipangizo zokonzera. Ngongole yotere imabwezedwa ndi ndalama zakunja pomwe okwera amalipira makwacha, ndipo kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kudaonetsa kuopsa kwake.

Chachitatu ndi magetsi. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko lino lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Sitima ya magetsi singadalire mphamvu yosakhazikika chomwechi.

Komabe njira zotsika mtengo zilipo. Njanji yochokera ku Salima idafika ku Lilongwe mu 1979 ndipo idapitirira mpaka ku Mchinji. Mzinda wa Dar es Salaam udayamba kunyamula anthu pa njanji zakale mu 2012, osamanga zatsopano. Vuto kuno n'lakuti njanjiyi imadutsa ku Kanengo, kumpoto, kutali ndi msika wa Old Town ndi maofesi a ku Capital Hill, choncho ingafunike mabasi olumikiza.

Mu 2016, Dar es Salaam yomweyo idatsegula msewu wapadera wa mabasi akuluakulu wa makilomita pafupifupi 21. Njira imeneyi ndiyo ikugwirizana ndi thumba la Malawi, makamaka tsopano pomwe misewu ina ya mumzinda yakulitsidwa.

Choncho sitima yatsopano ya magetsi si ya lero. Chofunika msanga n'chakuti khonsolo ya mzinda ndi unduna wa zamalo asunge malo omwe njanji idzadutse anthu asanamangepo. Kuzengereza kudzachititsa kuti chipukutamisozi cholipira osamutsidwa chidzakweze mtengo wa ntchito yonse, ndipo amene adzasenze katunduyo ndi okhoma msonkho.