Ndemanga: Kuyeza mankhwala a khansa ya m'mawere m'magazi a wodwala

Mayi amene wapezeka ndi khansa ya m'mawere, ya mtundu umene umakula mothandizidwa ndi timadzi ta m'thupi totchedwa estrogen, kawirikawiri amapatsidwa tamoxifen, mamiligalamu 20 tsiku lililonse kwa zaka 5 kapena 10. Mankhwalawa paokha ali ndi mphamvu yochepa kufikira chiwindi chitawasandutsa endoxifen, chinthu chimene chimatsekereza kwambiri kukula kwa khansayo, ndipo ntchito yosandutsayi imadalira makamaka enzaimu yotchedwa CYP2D6, yomwe mphamvu yake imasiyana malinga ndi chibadwa cha munthu.

Mu 1996 Collen Masimirembwa ndi anzake anafotokoza mtundu wofooka wa enzaimuyi, CYP2D6*17, umene anaupeza wofala pakati pa anthu akuda a ku Zimbabwe, kutanthauza kuti amayi awiri akhoza kumwa mlingo wofanana mokhulupirika koma wina n'kukhala ndi endoxifen wochepa. Mankhwala ena, monga rifampicin wochiza chifuwa chachikulu, amamutsitsanso.

Kusiyanaku sikuoneka pankhope, kumaoneka mu labotale. Magazi amazungulitsidwa m'makina mpaka maselo ofiira atakhazikika pansi n'kusiya pamwamba madzi achikasu otchedwa plasma, ndipo m'madzimo mumathiridwa acetonitrile kuti mapuloteni aundane achotsedwe. Kadontho kotsalako kamakankhidwa mwamphamvu m'kachubu kachitsulo kodzaza ndi timchenga tosalala kwambiri, momwe chinthu chilichonse chimayenda pa liwiro lake malinga ndi mmene chikukakamirira ku timchengato, kotero kuti endoxifen amatuluka pa nthawi yake, tamoxifen pa nthawi yakenso, ndipo makina ena amazindikira chilichonse potengera kulemera kwa tizigawo take. Njira yolekanitsayi ndiyo chromatography, imene Mikhail Tsvet wa ku Russia anaiyambitsa mu 1903 polekanitsa utoto wa m'masamba.

Kafukufuku wa ku America wa mu 2011 anaonetsa kuti khansa inkabwerera kwambiri mwa amayi amene endoxifen wawo sankafika mananogalamu pafupifupi 6 pa mililita imodzi, nanogalamu kukhala gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu. Akatswiri akukanganabe za malire amenewa, koma mkanganowo sungathe bwino ngati magazi a amayi a kuno sakuyezedwa. Masukulu a zaudokotala ndi zipatala zazikulu za kuno ziyenera kupatsidwa makinawa pamodzi ndi anthu odziwa kuwayendetsa.