ANA A SUKULU APHUNZIRE MANKHWALA A M'THENGO

Kwa inu makolo, nyakwawa ndi aphunzitsi a m'midzi.

Mwana wa masiku ano adziwa kuchula maina a mizinda ya kutsidya kwa nyanja, koma mukamuonetsa muwawani m'njira ya kudimba angoti, "Ndi mtengo." Agogo ace anaudziwa dzina, nadziwa nchito ya khungwa lace, nadziwanso kuti likaculuka mumphika libvulaza. Nzeru imeneyo iri m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalambazo zirikutha. Cifukwa cace ife titi, sukulu iri yonse ya pamudzi ikhale ndi kamunda ka mankhwala, ndipo ana aphunzire mitengoyo monga aphunzira masamu.

Ena adzati, "Zimenezi nza maula, tinatumiza ana kusukulu kuti azisiye." Amenewo amve mbiri ya kombe. Kale Amang'anja a kucigwa ca Shire anapaka mibvi yao ululu wa mbeu za kombe, ndipo nyama yolaswa sinapite patali. Dr. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone m'Zambezi ndi m'Shire kuyambira caka ca 1858, anasunga kombeyo m'thumba limodzi ndi mswaci wace. Potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo pambuyo pace anazindikira kuti mtima wace ulikugunda mocedwa. Mbeuzo zinafika ku Edinburgh, kumene Dr. Thomas Fraser anaziyesa zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1885 anauza madotolo anzace kuti kombe wocepa ndithu, woyesedwa bwino, athandiza mtima wofoka. Kwa zaka zambiri mbeu za kombe zinagulidwa kuno ndi kutumizidwa ku Ulaya, ndipo m'mabuku a ophunzira mtengowo uchedwa Strophanthus kombe, dzina lomwe lija la makolo athu.

Taonani tsono: mbeu imodzimodziyo inapha njati ndi kuthandiza wodwala. Cosiyanitsa ndico muyeso. Munthu wodziwa dzina la mtengo koma wosadziwa muyeso wace ali woopsa koposa wosadziwa kanthu. Ndipo malo amene mwana aphunzira kuyesa, kuwerenga ndi kulemba cimene waona, ndiwo sukulu.

Mankhwala a malungo atiphunzitsa comweco. Kwinini anacokera m'khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. Mankhwala a LA, amene zipatala za m'Malawi zinayamba kupereka m'caka ca 2007, mphamvu yace yina icokera ku citsamba ca ku China cochedwa Artemisia, cimene Mai Tu Youyou ndi anzace anatulutsamo mankhwala m'caka ca 1972. Koma bungwe la umoyo la dziko lonse, la WHO, linacenjeza m'caka ca 2019 kuti anthu asamwe madzi a masamba a Artemisia pofuna kuciza malungo. Mphamvu ya m'masamba siifanana. Lero iculuka, mawa icepa. Tizirombo ta malungo tikapanda kufa tonse, nthenda ibweranso, ndipo totsalato tingazolowere mankhwala. Mbulu wa kucipatala uli ndi muyeso umodzi masiku onse. Mwana aphunzire zonse ziwiri, kulemekeza tsamba ndi kudziwa pamene tsambalo lilekeza.

Nanga aphunzitsi acite ciani?

1. Bzalani kamunda pafupi ndi sukulu. Muikemo cammwamba, mandimu, gwafa, nimu ndi mpungabwi, ndipo pa mtengo uli wonse pakhale thabwa lolembapo dzina lace. Ana athirire ndi kupalira okha.

2. Itanani nkhalamba za pamudzi ziyende ndi ana m'thengo. Mwana ali yense aike tsamba pakati pa mapepala kufikira liume, nalembe dzina lace, pamene limera, ndi cimene akulu anena za ilo. Pambuyo pace mlangizi wa za umoyo aone zolembazo, nauze ana zimene ziri zoona ndi zimene zingabvulaze.

3. Yambani ndi mitengo yoopsa. Mbeu za nsatsi zingaphe mwana akazitafuna. Utomoni wa nkhadze uononga maso. Mwabvi unatha anthu ambiri masiku akale, ndipo kombe ali ndi ululu wace womwe uja. Lamulo loyamba likhale ili: mwana asalawe muzu, tsamba kapena cipatso cimene wamkulu sanamlole.

4. Aphunzire kutenga mosaononga. Cakudya cimene masamba apanga citsikira ku mizu podzera m'kati mwa khungwa. Cotero wosenda khungwa kuzungulira thunthu lonse wapha mtengo ndi njala. Sendani pang'ono mbali imodzi. Pokumba mizu tengani umodzi, ndi kukwirira dzenje. Pamene masamba akwanira, mizu muileke.

5. Akonze zinthu zofatsa zokha, atasamba m'manja ndi kuwiritsa madzi. Masamba a cammwamba ayanikidwe pamthunzi, asinjidwe, ndi ufa wace uthiridwe m'phala. Cimeneci ndi cakudya colimbitsa thupi. Madzi ofunda a mandimu ndi uci afewetsa kukhosi pa cifuwa copepuka, koma khanda losafika caka cimodzi lisapatsidwe uci. M'maso musadonthezere madzi a tsamba liri lonse, ndipo pa mcombo wa khanda musapakepo phulusa, dothi kapena mizu, pakuti kafumbata alowera pamenepo.

6. Aloweze pamtima nthenda zosayenera kucedwa nazo: kutentha thupi, kukomoka, kupuma mofulumira, magazi m'cimbudzi, kulumidwa ndi njoka kapena galu, ndi bvuto liri lonse la mai wapakati. Zimenezi nza kucipatala tsiku lomwelo. Mwana wotsegula m'mimba amwe madzi a Thanzi kawirikawiri, pakuti cimene cimupha ndico kutha kwa madzi m'thupi. Ndipo munthu wakumwa mankhwala a cifuwa cacikuru kapena ma ARV asawaleke cifukwa wina wamlonjeza muzu.

Tidziwa kuti aphunzitsi ali ndi nchito yambiri, ndi kuti ana aculuka m'kalasi. Koma phunziro ili silifuna ndalama. Lifuna khasu, mapepala ndi ora limodzi pa sabata. Mwana wophunzira cotere sadzatentha chire mwacisawawa, pakuti adziwa cimene cikupsa. Sadzanyengedwa ndi wogulitsa botolo pamsika amene ati liciza nthenda zonse. Ndipo tsiku limene mng'ono wace atentha thupi usiku, iye ndiye adzati kwa amace, "Tiyeni kucipatala."

Akulu anati m'mera mpoyamba. Inu nyakwawa, patsani sukulu kamalo mvula isanagwe. Inu agogo, musapite nayo kumanda nzeru imene munailandira kwaulere.