Khoma Logawana Lisiyireni Khitchini ndi Bafa

Nyumba zogundizana ziwiriziwiri, zonga zina zomwe bungwe la Malawi Housing Corporation lamanga m'matauni athu, zili ndi khoma limodzi lomwe simungaboolepo windo. Nyumbayo ikakhala yosanja, wojambula pulani ya zipinda zapansi ayenera kuyambira pa khoma limeneli. Maganizo anga ndi akuti khitchini, bafa, chimbudzi ndi masitepe zitsamire khoma logawanali, ndipo nyumba ya mbali inayo ichite chimodzimodzi. Mukatero mapaipi a madzi ndi a zonyansa amayenda mtunda waufupi, ndalama zogulira zipangizo zimachepa, ndipo pulambala savutika pokonza. Koposa apo, zipinda zimenezi zimatchinga phokoso: wailesi ya anansi kapena kulira kwa khanda zimathera pamasitepe, osafika m'chipinda cha agogo omwe miyendo siwalolanso kukwera m'mwamba. Balaza likakhala mbali yakunja limalandira kuwala ndi kamphepo kuchokera mbali ziwiri, chinthu chofunika kwambiri m'kutentha kwa Okutobala.

Ena amati khitchini yotere imakhala yamdima ndi yodzaza utsi. Nkhawayi ndi yomveka, koma imatha khitchiniyo ikaikidwa pakona yakumbuyo, pomwe imapeza windo ndi chitseko chotulukira kukhonde. Chitsekochi nchofunika zedi, chifukwa magetsi akazima mabanja ambiri amaphikira pambaula, ndipo mpweya wa makala, womwe sununkha konse, umapha anthu m'chipinda chotseka. Palinso odandaula kuti chimbudzi chikayandikira polowera, apongozi amachita manyazi kulowamo alendo akuona. Apa pangofunika kakhonde kam'kati kakafupi, ndipo chitseko cha chimbudzicho chisayang'ane pabalaza.