MUSANAGULE CHIWETO, WERENGANI UDZU WANU



Mwezi wa Ogasiti ndinali pa ulendo wa ntchito kufupi ndi Bangula, ndipo bambo ena achikulire anandiitana kuti ndikaone malo ao atsopano. Bambowa anakhala zaka zambiri ku Joni, kumene ankasamala akavalo a mpikisano. Pobwera kwao anapeza kuti mudzi wa makolo ao, m'mbali mwa Shire, sukhalikanso chifukwa cha madzi osefukira. Tsono anagula malo pa mtunda kufupi ndi msika, namanga nyumba ya njerwa, natsala ndi bwalo la mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi. Titaliyendera lonse anati, "Alangizi, ine ndifuna pano paoneke ngati pa mudzi. Pakhale ndiwo, nkhuku, mbuzi, ndiponso kavalo mmodzi wokoka ngolo, pakuti ntchito ya akavalo ndiidziwa. Inu mukuti bwanji?"

Ine ndinati, "Bambo, zonse mwanenazi nzabwino. Koma tandionetsani kumene kudzachokera udzu wa mwezi wa Novembala." Iwo anayang'ana uku ndi uku, nakhala chete.

Funso lomweli ndifuna kulipereka kwa inu nonse. Chichokereni madzi a mu Januwale 2015, ndi anamondwe amene anatsata, Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mabanja ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje akhala akusamukira ku mtunda, pa malo aang'ono oyandikana ndi misika ndi miseu. Munthu wobadwira pa mudzi sakondwa ndi bwalo losesedwa mbee, lopanda kanthu koyendapo, ndipo mtima umenewo ine ndiuyamikira. Koma maganizo anga ndi awa: bwalo laling'ono lingathe kupatsa banja ndiwo, mazira, nyama ndi manyowa, komatu chiweto chachikulu chikhale chomaliza kulowamo. Ndipo chikati chilowe, m'chigwa chathu chino chikhale bulu, osati kavalo.

Ndiyambe ndi kavalo. Pali nthenda ya akavalo imene imafala ndi tizirombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, timene timaswana m'matope nituluka dzuwa likamalowa. Pa akavalo 10 osatemera amene aidwala, 9 angathe kufa. Katemera wache amapangidwa ku Onderstepoort m'dziko la South Africa, ndipo ayenera kubwerezedwa chaka ndi chaka. Tsono taganizani: ife tikhala pakati pa madambo aakulu, Elephant Marsh kumtunda ndi Ndindi kumunsi, m'dziko limene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Akavalo amene munamva kuti ankanyamula alendo pa phiri la Zomba ndi pa Nyika anali kumalo ozizira, nadya ndalama za alendo omwewo. Bulu wa kuno kwathu salefuka kawirikawiri ndi nthenda imeneyi. Ndiponso bulu sagwidwa ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene kangapo konse atsekereza ng'ombe za m'chigwa muno kuti zisayende.

Tiyeni tsopano tichite samu monga ku sukulu. Bulu wamkulu bwino amadya udzu wouma wokwana ngati makilogalamu 3 pa tsiku. Kuyambira Juni kufikira mvula itagwa ndi udzu utaphuka, tiwerenge masiku 180. Ndiye kuti bulu mmodzi afuna makilogalamu 540. Koma bulu sakonda kukhala yekha, ndipo ngolo yolemera ifuna awiri. Apo takwana makilogalamu 1,080. Kavalo mmodzi yekha amadya ngati makilogalamu 9 pa tsiku, ndiwo 1,620 m'masiku omwewo, ndipo akamagwira ntchito afuna gaga pamwamba pache. Nanga madzi? M'nyengo yotentha bulu afuna ndowa imodzi ya malita 20 pa tsiku, kavalo ziwiri kapena kuposa. Mudziwa nokha kuti mijigo yathu ina iri ndi madzi a mchere, ndi kuti pa mjigo wa madzi okoma pamakhala mzere wa ndowa kuyambira m'bandakucha. Kodi mwafunsa amayi a kunyumba ngati avomera kusenzera chiweto madzi?

Bwalo la bambo aja ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 7 a ekala. Mukachotsapo nyumba, khitchini, chimbudzi ndi bafa, potsalapo sipangamere udzu wonsewo. Chakudya cha chiwetocho chiyenera kuchokera kunja: ku munda, ku dimba kapena m'thumba. Akulu anati walira mvula walira matope.

Chifukwa chache ndikuti yambani ndi zimene bwalo lingathe kusenza. Chaka choyamba mangani mpanda wolimba, pakuti mlandu wa chiweto chodya za eni umathetsa chibale ndi kutha ndalama kwa nyakwawa. Bzalani mitengo ya nimu kumbali ya kumadzulo kuti idzatchinge dzuwa la masana, ndi sangowa m'mbali mwa mpanda kuti mudzathyole ndiwo ngakhale m'chilimwe. Kumbani dzenje la manyowa, muzitayamo zinyalala zoola, phulusa ndi zitosi. Madzi otsukira mbale ndi osamba asatayike chabe. Alunjikeni ku nthochi ndi mapapaya. Wetani nkhuku, ndipo muzizitemera chitopa pa nthawi yache. Chaka chachiwiri onjezani mbuzi ziwiri kapena zitatu m'khola la m'mwamba, kuti ndowe zizigwera pansi ndi ziboda zikhale zouma.

M'chaka chachiwiri chomwecho dziyeseni nokha. Mukakolola, musatenthe mapesi a chimanga, a mapira ndi a mchewere. Sonkhanitsani pamodzi ndi masangwi a mtedza ndi makoko a nandolo. Tolani zipatso za msangu zikamagwa. Dulani udzu usanaume kweni kweni, muuyanike, muuunjike pa thandala la denga. Inu okhala kufupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo, nsonga za nzimbe nazonso nchakudya, mukazipeza mwa chilolezo. Mukatero yesani muluwo. Ngati wakwana chakudya cha abulu awiri, chaka chachitatu gulani. Ngati sunakwane, mbuzi zanu zidzanenepa nao, ndipo mwaphunzira popanda kupha chiweto ndi njala.

Bulu akalowa pa khomo, dziwani kuti mwalemba wantchito wosatha kudandaula. Bulu akadwala amangoima duu, mutu pansi, naleka kudya. Pamenepo musayembekeze mawa, itanani mlangizi wa ziweto. Cholakwa chachikulu chimene ndachiona ndicho kuveka bulu goli la ng'ombe. Ng'ombe iri ndi linunda ndi khosi lolimba, pamene mphamvu ya bulu iri pa chifuwa ndi m'mapewa. Goli limamtupula khosi, ntchentche nizitera pa chilonda, ndipo pa zilonda zotere ndi pamene kafumbata amalowera. Msokereni lamba wotambalala wa pa chifuwa, wofunda nsalu yofewa, ndi kachishalo ka pa msana kolandira kulemera kwa ngolo. Asakoke katundu asanakwane zaka 3, ndipo wolemera ayembekeze zaka 4. M'miyezi yotentha agwire ntchito m'mamawa ndi madzulo. Masana akhale pa mthunzi. Khola lache likhale ndi denga, pakuti ubweya wa bulu umamwa mvula, ndipo pansi pakhale pouma kuti ziboda zisaole. Tsiku ndi tsiku chotsani timiyala m'ziboda ndi kamtengo, ndi kufunafuna nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira.

Pa malo a pafupi ndi msika pali zoopsa zimene kumudzi kunalibe. Bulu wanjala amameza majumbo, ndipo amatseka matumbo ache kufikira afa. Musampatse chimanga kapena gaga wochita chuku. Chimene mwachikana inu kuti chaola chingathe kuononga ubongo wa bulu kapena kavalo. Masamba a lukina, amene mbuzi zimadya pang'ono osavutika, amathothola ubweya wa bulu. Ndipo inu anzanga olima fodya ku Lilongwe, Dowa ndi Kasungu, kumene abulu amakoka ngolo masiku onse, musataye mapesi ndi zinyenyeswa za fodya pamene chiweto chingafike, pakuti ziri ndi ululu.

Ena adzati, "Nanga bwanji osagula ng'ombe, kapena njinga?" Funsoli nloyenera. Pa dothi lolimba la makande la ku Ngabu, khasu la ng'ombe lifuna ng'ombe ndithu. Abulu awiri sangalithe. Koma ng'ombe ziwiri zidya koposa, ndipo malo ao ndi kubusa, osati pa bwalo la mamita 30. Kunena za njinga, ndivomera kuti ikapuma sidya kanthu. Ngati katundu wanu ndi thumba limodzi kapena awiri pa sabata, njinga ikukwanirani, ndipo musachite manyazi. Bulu apindula kumene kuli ntchito ya masiku onse: kututa chimanga ndi mbatata ku dimba, kupereka thonje ku msika, kutunga madzi, kutenga manyowa kunka nao ku munda. Kumene ntchito iri yochepa, mabanja atatu kapena anai agwirizane pa abulu awiri ndi ngolo imodzi, banja liri lonse lisonkhe gawo lache la udzu.

Chotsiriza ndi madzi osefukira, pakuti ngakhale pa mtunda mitsinje monga Mwanza ndi Thangadzi imadzaza usiku mvula itagwa kumapiri. Ziweto zambiri zimene zinatayika m'zaka zija zinafera m'makola ndi pa zingwe. Khola likhale pa malo okwera koposa pa bwalo lanu. Mvula ikalimbika, mangani mfundo yosavuta kumasula mumdima, ndipo ana onse adziwe njira yopita kumalo okwera. Thandala la udzu nalo likwezeni, pakuti chiweto chopulumuka madzi chingathe kufa ndi njala sabata yotsatayo.

Bambo aja a ku Bangula sanakondwe tsiku lija, pakuti akavalo anawakonda ndi mtima wonse. Koma posiyana ndinawauza kuti luso lao la ziboda, la malamba ndi la kuzindikira chiweto chodwala ndi chuma chimene anansi ao alibe, ndi kuti abulu a m'dera lao adzapindula nalo. Ndinadutsanso kumeneko mu Okutobala. Mpanda unali utatha, nkhuku zinali pa bwalo, ndipo kuseri kwa khitchini anali atazika mafoloko a thandala la udzu. Anandipempha kuti ndidzabwere ndi sikelo akadzakolola, tidzayese pamodzi.

Ndine wanu,
Mlangizi wa Malimidwe, Ngabu.