Luso la M'manja: Tizipangizo Ting'onoting'ono Tisatiopse

M'nyumba zathu zambiri kuno ku Bordesley Green muli kabati yosungamo zinthu zakufa: rimoti ya TV, wailesi, kachidole ka mwana, chosewerera magemu. Kawirikawiri chimene chafa ndi kachipangizo kamodzi ka pa bolodi, kamtengo wochepa kwambiri. Koma tikatsegula n'kuona tizinthu tonga njere za mawere, timangotseka n'kunena kuti izi n'za akatswiri.

Kale zipangizo zinali ndi miyendo yaitali yolowa m'mabowo a bolodi. Kuyambira zaka za m'ma 1980, mafakitale anayamba kumata tizipangizo pamwamba pa bolodi popanda mabowo, njira imene amati SMT. Kachipangizo ka saizi ya 0805 n'kotalika mamilimita 2 okha, pomwe ka 0603 n'kotalika mamilimita 1.6. Ndi makina amene amatiika kufakitale, komabe munthu wodekha angathe kutiwotcherera pamanja kunyumba. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zofunika si zambiri: chowotcherera chimene kutentha kwake mungathe kusintha, waya wa solda wopyapyala, flux, kopanira kosongoka, galasi lokuzira zinthu ndi nyale yowala bwino. Njira yake ndi iyi. Pakani flux pa malo oikapo. Sungunulani solda pang'ono pa malo amodzi okha. Gwirani kachipangizo ndi kopanira, kalowetseni m'solda uja akadali wamadzi, kenaka chotsani chowotcherera ndipo musagwedeze mpaka aume. Mukatero malizani mbali inayo. Ngati ndi IC ya miyendo yambiri, yambani ndi miyendo iwiri ya m'makona oyang'anizana kuti isasunthe. Solda akalumikiza miyendo iwiri yoyandikana, musadandaule. Onjezani flux n'kumuyamwitsa ndi kachingwe kolukidwa ka kopa. Phunzirani kaye pa mabolodi akufa musanakhudze foni ya mayi a kunyumba.

Tsono apa mpofunika kumvetsetsana. Nyumba zathu zambiri n'zazing'ono ndipo tebulo limakhala limodzi, lomwe ana amadyerapo ndi kulemberapo ntchito ya kusukulu. Solda wakale amakhala ndi mtovu, ndipo amasungunuka pa madigiri 183. Mtovu umaononga ubongo wa mwana ngakhale utakhala wochepa. Kuchokera mu 2006, malamulo a RoHS analetsa mtovu m'zipangizo zambiri zatsopano, ndipo solda wopanda mtovu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 217. M'nyumba ya ana, gulani wopanda mtovuyo, yalani thabwa pa tebulo, ndipo sambani m'manja musanagwire nsima. Utsi wa flux nawo ungayambitse mphumu, choncho tsegulani windo ngakhale kuli chisanu. Musaike moto pafupi ndi batire ya foni, ndipo musatsegule mayikulowevu kapena bokosi la magetsi la kompyuta, chifukwa mkati mwake mumatsala mphamvu yoopsa ngakhale mutazula pulagi. Chimene chakanika musaponye m'bini; pititsani ku malo otayirako zotere ku Tyseley.

Lusoli si lachilendo kwa ife. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, asanamange makina ake a mphepo aja, ankakonza mawailesi ndi msuweni wake. Analibe chowotcherera, ankangotenthetsa waya pamoto wa kukhitchini. Lero anyamata a ku Limbe ndi mumsika wa Lilongwe akudyetsa mabanja pokonza mafoni. Ife tili ndi magetsi osathima, zida zosavuta kupeza, komanso South and City College pompano pa Bordesley Green, kumene amaphunzitsa ntchito zaumisiri. Tingalephere bwanji?

Makolo, mwana akamakonda kumasula zinthu musafulumire kumukalipira. Mupatseni rimoti yakufa, khalani naye pafupi. Inu ophunzira amene mudzabwerere kumudzi, dziwani kuti magetsi a kuno ndi a ku Malawi ndi ofanana, ma volti 230, ndipo pulagi yake ndi yomweyi ya mano atatu. Chowotcherera chimene mwagula ku Birmingham chidzagwira ntchito ku Mzuzu kapena ku Zomba popanda kusintha kalikonse. Mukamalongedza katundu, chisiyireni malo m'chikwama.